Amene timawatcha adokotala pa kiliniki: ntchito ya ma clinical officer ndi mkangano wa ma physician associate

M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa mu Lusaka kutafika polowa m'mafupa, ndinaperekeza ambuya anga ku kiliniki ya m'komboni mwathu. Tinafika dzuwa lisanatuluke bwino koma tinapeza mabenchi atadzaza kale. Panali amayi obereka ana kumsana, abambo ofunda mabulangeti, ndi anyamata awiri atagwirizira mnzawo amene anadzicheka ndi chitsulo pa ntchito yowotcherera mageti. Anesi anawapima ambuya BP ndi kutentha kwa thupi, kenako tinakhala pamzere mpaka dzuwa litakwera, m'pamene tinalowa m'kachipinda koonera odwala.

M'menemo munali mnyamata wovala khoti loyera, chomvetsera pachifuwa chili m'khosi. "Mwauka bwanji, ambuya? Chavuta n'chiyani lero?" Anawafunsa za mutu umene unkawawa kunkhongo, za chizungulire, za mchere umene amathira m'ndiwo. Anawamvetsera pachifuwa, anawasinikiza m'miyendo kuti aone ngati yatupa, nawatumiza kukapimitsa shuga ndi mkodzo. Pomaliza anawalembera mankhwala a BP n'kuwauza kuti abwerenso mwezi ukatha.

Potuluka ambuya anati, "Adokotala aja ndi mwana, koma amamvetsera." Ine ndinali nditawerenga kabaji ka pachifuwa pake, ndiye ndinawauza kuti ameneyo si dokotala, ndi clinical officer. Anaima pakhomo pomwepo n'kundiyang'ana. "Nanga sanandipime? Sanandilembere mankhwala? Iwe, dokotala amachitanso chiyani china?"

Funso limenelo silinandichoke m'mutu, makamaka chifukwa ku England kwakhala mkangano waukulu pa anthu a ntchito yonga imeneyi, amene kumeneko akhala akuwatcha ma physician associate. Kumeneko nkhaniyo inafika ku nyumba ya malamulo ndi m'manyuzipepala. Kuno sitiikamba n'komwe, chonsecho munthu wa m'makomboni onga Kanyama, Mtendere kapena George akadwala, woyamba kumuona nthawi zambiri amakhala clinical officer, ndipo kawirikawiri ndiye womalizanso. Ambuya ananena zoona mbali imodzi: zimene mnyamata uja anachita ndi ntchito ya udokotala ndithu. Koma kusiyana kulipo, ndipo wodwala ayenera kukudziwa. Sikuti azinyoza womuthandiza ayi, koma kuti adziwe pamene thandizolo lathera ndi pamene lina liyenera kuyambira.

Chilankhulo chathu nachonso chimatisokoneza. Tilibe liwu la munthu ameneyu. Mwamuna aliyense wovala zoyera m'chipatala timamutcha dokotala, ngakhale wa ku labu, ndipo mkazi aliyense timamutcha nesi, ngakhale atakhala katswiri wa opaleshoni amene wagwira mpeni zaka makumi awiri.

Clinical officer ndi munthu amene atamaliza Grade 12 amaphunzira zaka zitatu n'kulandira dipuloma ya clinical medicine. Amayamba ndi mmene thupi linapangidwira ndi mmene limagwirira ntchito, matenda ndi mankhwala ake, kenako amazungulira m'mawodi a ana, a amayi oyembekezera, a opaleshoni ndi a akuluakulu. Akamaliza amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, bungwe lomwelo limene limalembetsa madokotala, ndipo popanda chiphaso cha bungwelo saloledwa kugwira wodwala. Amaloledwa kufunsa wodwala, kumupima, kutumiza magazi ku labu, kutchula matenda, kulemba mankhwala, kusoka bala, kutumbula chithupsa, ndi kulemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala chachikulu. Dokotala wa pa University of Zambia amaphunzira zaka zosachepera 6, kenako amayamba wagwira kaye ntchito pansi pa madokotala akuluakulu asanamusiye yekha.

Zaka zosiyanazo si zachabe. Maphunziro a clinical officer anawakonza moyang'ana matenda amene amadzaza mabenchi athu: malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, TB, HIV, matenda opatsirana pogonana, BP, shuga, mabala a ngozi, mavuto a pathupi. Amenewa amawaona tsiku ndi tsiku mpaka maso ndi manja zimazolowera, moti clinical officer amene wakhala pa kiliniki zaka khumi amamuzindikira mwana wa chibayo choopsa amayi ake asanamumasule n'komwe kumsana, pongoona mmene mphuno zikutukumukira. Dokotala amaphunzira zonsezo, koma amakhalitsanso pa sayansi ya pansi pake ndi pa matenda osowa, aja amene amabwera atavala nkhope ya matenda wamba. Mitu yambiri yowawa imakhala kutopa, BP kapena malungo. Mwa apo ndi apo umodzi umakhala chotupa cha mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Zaka zowonjezera zija zambiri zimathera pa kuphunzira kuuzindikira umodziwo.

Munthu wa mu Lusaka akamva dzina loti Chainama amaganiza za chipatala cha odwala matenda a maganizo cha m'mbali mwa Great East Road, ndipo ana amanyozana nalo dzinali, zimene zimandipweteka mtima. Pa malo omwewo pali sukulu imene kwa zaka zambiri ndiyo inkaphunzitsa ma clinical officer a dziko lonse, Chainama College of Health Sciences, imene tsopano ili pansi pa Levy Mwanawasa Medical University. Kuchokera ku Shang'ombo mpaka ku Chama, anthu ankachiritsidwa ndi manja ochokera pa Chainama iwo osadziwa.

Pamwamba pa clinical officer pali wina amene ambiri sitinamumvepo, medical licentiate. Maphunziro amenewa anayamba pa Chainama mu 2002. Ankatenga ma clinical officer amene agwirapo kale ntchito n'kuwaphunzitsa mozama matenda a akulu, a ana, a amayi, ndi opaleshoni, ndipo masiku ano maphunzirowa ndi a digiri. Medical licentiate amatha kung'amba mayi amene walephera kubereka yekha n'kutulutsa mwana, kukonza chophuka cha m'mimba, ndi kupulumutsa mayi amene mimba inakhala m'njira ya dzira n'kuphulika, magazi akukhetsera m'kati. Cholinga chinali chimodzi: chipatala cha pa boma chisamakhale ndi chipinda cha opaleshoni chopanda wochita opaleshoni. Palinso ma clinical officer amene anaphunzira mbali imodzi yokha, monga matenda a maganizo, a maso, ndi kugoneka odwala pa opaleshoni. Mbali yomalizayi njofunika kuitchula, chifukwa mpaka 2011 mu Zambia munalibe maphunziro a madokotala a ukatswiri wogoneka odwala. Amayi athu ambiri amene anabereka pa opaleshoni anagonekedwa ndi kudzutsidwa ndi clinical officer.

Zinayamba bwanji kuti chipatala chathu chiime pa anthu amenewa?

Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, tinalibe sukulu yophunzitsa madokotala. Ya University of Zambia inakhazikitsidwa mu 1966 ndipo madokotala ake oyamba anatuluka mu 1973. Kwa zaka zambiri inali yokhayokha ya boma, mpaka Copperbelt University inatsegula yake ku Ndola mu 2011. M'zaka zonsezo anthu sanaleke kudwala. Amene ankawaona anali ma medical assistant, dzina lakale la ntchito imene pambuyo pake inadzatchedwa clinical officer. Madokotala ochepa amene tinkawaphunzitsa, ambiri ankakhala m'mbali mwa njanji, ndipo chuma chitasokonekera ena anapita ku Botswana, ku South Africa, ku Britain. Mu 2006 bungwe la World Health Organization linatchula mayiko 57 amene anali pa vuto lalikulu la kusowa ogwira ntchito za umoyo, ndipo Zambia inali m'gulumo.

Nthawi imene inaonetsa poyera kufunika kwa anthu amenewa ndi ya Edzi. Aliyense amene anali mu Lusaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akukumbukira malole a maliro opita ku manda a ku Chingwere ndi ku Leopards Hill tsiku lililonse. Ma ARV atayamba kupezeka, anthu ambiri kunja ankati mankhwala ovuta chonchi sangaperekedwe popanda dokotala. Tikadadikira madokotala, manda akadadzaza kawiri. Mu Epulo 2004 makiliniki a m'makomboni a mu Lusaka anayamba kupereka ma ARV, boma likugwira ntchito limodzi ndi bungwe lofufuza za matenda la CIDRZ, ndipo pofika Novembala 2005 akuluakulu oposa 16,000 anali atayamba mankhwala. Amene ankawaona odwala ambiriwo anali ma clinical officer ndi manesi, akutsata ndondomeko yolembedwa bwino, madokotala akuyang'anira ndi kulandira odwala ovuta. Zotsatira zake zinalembedwa m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 2006, ndipo zinali mbali ya umboni umene unasintha maganizo a dziko lonse. Mu 2008 World Health Organization inatulutsa malangizo ovomereza kuti ntchito zina zichoke m'manja mwa madokotala zipite kwa ena ophunzitsidwa bwino. Pali anthu amene ndimawadziwa, lero ali ndi zidzukulu, amene moyo wawo unabwerera m'kachipinda konga kaja tinalowa ndi ambuya.

Si ife tokha. Kafukufuku wa mu 2007 m'magazini ya The Lancet anapeza kuti mwa mayiko 47 a kumwera kwa chipululu cha Sahara, 25 anali ndi ogwira ntchito a mtundu umenewu, ndipo m'mayiko 9 chiwerengero chawo chinali chofanana ndi cha madokotala kapena kuposa. Abale athu a ku Malawi anayamba kuphunzitsa ma clinical officer mu 1976, College of Medicine yawo isanatsegulidwe mu 1991. Ku Mozambique, madokotala ambiri atachoka dzikolo litalandira ufulu, mu 1984 anayamba kuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de cirurgia kuti azichita opaleshoni.

Funso limene munthu aliyense wanzeru angafunse ndi lakuti: kodi mayi amene wang'ambidwa ndi clinical officer ali pa ngozi yoposa amene wang'ambidwa ndi dokotala? Mu 2011 magazini ya BMJ inasonkhanitsa kafukufuku 6 wokhudza amayi oposa 16,000 a m'mayiko osauka. Pa imfa za amayi ndi za makanda sanapeze kusiyana kwenikweni. Anapeza kusiyana pa bala: mabala osokedwa ndi ma clinical officer ankachita mafinya kapena kumasuka kawirikawiri kuposa a madokotala. Ndimakonda kunena mbali zonse ziwirizi pamodzi, chifukwa amene amangotchula yoyamba amakhala ngati akuti maphunziro alibe ntchito, ndipo amene amangotchula yachiwiri amaiwala kuti mayi wa bala la mafinya ali moyo ndipo mwana wake akuyamwa. Bala la mafinya limatiuza kuti pakufunika kuphunzitsa ndi kuyang'anira, silitiuza kuti tichotse munthuyo.

Ku Mozambique komweko kunapezeka chinthu china chimene kwa ine n'cholemera kuposa zonse. Anatsata ma técnico ndi madokotala amene anatumizidwa ku zipatala za m'maboma. Patapita zaka 7, pafupifupi 9 mwa ma técnico 10 aliwonse anali akadali pomwepo, pamene madokotala pafupifupi onse anali atachoka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mayi wa ku Vubwi amene mwana wapingasa m'mimba usiku wa mvula, thandizo lake ndi munthu amene ali pa chipatalapo usiku umenewo.

Tsopano tipite kutsidya kwa nyanja, kumene dzina la physician associate linachokera. Ku America, mu 1965, dokotala wina dzina lake Eugene Stead wa pa Duke University anatenga amuna anayi amene ankathandiza odwala m'gulu la asilikali a pamadzi n'kuyamba kuwaphunzitsa kwa zaka ziwiri kuti azithandiza madokotala. Anawatcha ma physician assistant. Lero ku America aliko oposa 150,000, amaphunzira mpaka digiri yachiwiri, ndipo amalemba mankhwala. Mu 2021 bungwe lawo linavota kuti dzina lisinthe likhale physician associate, poona kuti liwu loti wothandizira limawachepetsa.

Ku Britain ntchitoyi inalowa mu 2003, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi nakonso dzina linasintha kukhala physician associate. Kumeneko munthu amayamba ndi digiri ya sayansi, n'kuwonjezera zaka ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti saloledwa kulemba mankhwala kapena kutumiza wodwala ku X-ray, zimene clinical officer wathu amachita tsiku lililonse. Kwa zaka zambiri analiko ochepa ndipo kunali zii. Moto unabuka pamene boma linalengeza mu 2023 kuti likufuna akhale 10,000 mu England pofika 2036 kapena 2037. Madokotala achinyamata, amene anali kale pa sitalaka ya malipiro, anaona kuti physician associate wongoyamba kumene akulandira ndalama zoposa dokotala wongotuluka kumene kusukulu, komanso kuti mwayi wophunzira m'mawodi ukugawidwa.

Koma chimene chinagwedeza anthu wamba si malipiro. Mu 2022 mtsikana wa zaka 30 wa ku London anapita kawiri ku kiliniki ya kwawo, mwendo ukumuwawa ndi kutupa, mpweya ukumuthera. Maulendo onse awiri anaonedwa ndi physician associate, iye akuganiza kuti akuonana ndi dokotala. Anauzidwa kuti wabinya mwendo ndiponso kuti ali ndi nkhawa. Zoona zake zinali zakuti magazi anaundana mumtsempha wa mwendo, chibuma chake n'kuthamangira kumapapo. Anamwalira. Wofufuza za imfa ananena kuti akadatumizidwa msanga ku chipatala chachikulu, mwina akadakhala moyo. Makolo ake ndi amene anaumirira kuti dziko limve kuti mwana wawo sanadziwe n'komwe amene ankamuona.

Kuchokera mu Disembala 2024 bungwe la General Medical Council, limene limayang'anira madokotala, linayamba kuyang'aniranso ma physician associate. Boma linapempha Pulofesa Gillian Leng kuti aunike nkhani yonse, ndipo lipoti lake linatuluka mu Julayi 2025. Sananene kuti ntchitoyo ithe, sananenenso kuti ipitirire mmene inalili. Anati dzina libwerere kukhala physician assistant kuti odwala asamasokonezeke, akhale ndi zovala ndi mabaji owasiyanitsa ndi madokotala, aliyense akhale ndi dokotala wodziwika dzina womuyang'anira, wongomaliza kumene ayambe wagwira zaka ziwiri m'chipatala chachikulu asanapite ku kiliniki, ndipo asamaone wodwala amene matenda ake sanadziwike kupatula pamene pali ndondomeko yomveka bwino. Boma linavomereza zonse.

Mfundo yomalizayo, itabwera kuno mawa m'mawa, makiliniki athu ambiri angatseke. Wodwala amene matenda ake sanadziwike ndiye aliyense wokhala pa benchi paja. Apa m'pamene tiyenera kusamala potengera mikangano ya eni ake. Ku England funso ndi lakuti wodwala aonedwe ndi dokotala kapena ndi physician associate. M'madera ambiri a dziko lathu funso ndi lakuti aonedwe ndi clinical officer kapena asaonedwe ndi aliyense, akagule mapiritsi pa kantemba. Komanso clinical officer wathu anaphunzitsidwa kuyambira tsiku loyamba kuti adzakhala woyamba kuona wodwala, nthawi zina ali yekha, pamene mnzake wa ku Britain anaphunzitsidwa kuti azigwira ntchito pambali pa dokotala. Ntchito zake zikufanana, koma mizu yake njosiyana.

Ngakhale zili choncho, sindingavomere kuti nkhani ya mtsikana wa ku London siitikhudza. Imatikhudza kwambiri. Zinthu zitatu zimene zinasoweka kwa iye zimasowekanso kuno: sanadziwe amene akumuona, womuonayo sanazindikire kuti wafika pa malire a zimene akudziwa, ndipo ngakhale anabwera kachiwiri ndi vuto lomwelo likukulirakulira, sanafike pamaso pa dokotala. Ndi angati mwa ife amene tinapitapo katatu pa kiliniki ndi chifuwa chimodzimodzi, n'kupatsidwa mankhwala amodzimodzi? Vuto pamenepo si dzina la ntchito ya munthuyo, chifukwa madokotala nawonso amaphonya matenda. Vuto ndi lakuti palibe chimene chimaimitsa zinthu n'kunena kuti wodwala uyu wabwera kachitatu, aonedwe ndi maso ena.

Ndili ndi msuweni wanga amene ndi clinical officer pa kachipatala kena kakumudzi Kum'mawa. Akabwera ku Lusaka amagona kwathu, ndipo timacheza mpaka usiku. Iye amati chovuta pa ntchito yake si kudziwa mankhwala. Chovuta ndi kusankha, pakati pa usiku, ngati mwana wotentha thupi uyu angadikire kuche kapena aitanitse ambulansi imene ili kutali, mafuta ake ndi owerengeka, ndipo m'nyengo ya mvula dambo limadzaza. Akaitanitsa pachabe, mawa mayi wotaya magazi adzasowa galimoto. Akachedwa, mwana apita. Amasankha yekha, nyali ya sola ili pathebulo. Chimene amalakalaka kuposa malipiro, akutero, ndi nambala ya foni ya dokotala amene angayankhe nthawi imeneyo popanda kumukalipira.

Zimenezi zinayesedwapo ndipo n'zotheka. Pulojekiti ya SURG-Africa, imene inagwira ntchito mu Zambia, Malawi ndi Tanzania kuyambira 2017, inkatumiza akatswiri a opaleshoni ochokera m'zipatala zazikulu kukagwira ntchito limodzi ndi a m'zipatala za m'maboma, ndiponso kuwalumikiza pa foni kuti azifunsana za odwala asanawakweze ambulansi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti zinthu zotere kawirikawiri zimayenda ndi ndalama za pulojekiti, ndipo pulojekiti imatha. Kuyang'anira clinical officer kuyenera kukhala mbali ya ntchito ya dokotala wa boma, yolembedwa, yokhala ndi nthawi yake ndi mafuta ake, osati chifundo cha munthu.

Mu Lusaka muno zinthu zasinthako. Zipatala za Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama, zimene kale zinali makiliniki, zinakwezedwa mothandizidwa ndi dziko la Japan, ndipo tsopano muli madokotala ndi zipinda za opaleshoni. Cholinga chinali kupeputsa chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH), kumene kale aliyense ankathamangira. Ndondomeko yake ndi ya makwerero: kiliniki, chipatala cha m'dera, kenako UTH kapena chipatala chachikulu cha Levy Mwanawasa. Makwererowo akamagwira ntchito, clinical officer sakhala mapeto a njira, amakhala khomo. Koma mzindawu uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo mzere wa pa benchi sutha. Munthu amene kunja kukumudikira anthu odzaza khonde sangakhale ndi wodwala mmodzi nthawi yokwanira kufunsa funso lachisanu, limene nthawi zambiri ndilo limavumbulutsa matenda obisala. Kolera itavuta kumapeto kwa 2023 ndi kuchiyambi kwa 2024, mpaka National Heroes Stadium kusanduka chipatala, tinaona tonse mmene ogwira ntchito ochepawo amatambasulidwira ngati mphira.

Pali anthu amene amati clinical officer ndi dokotala wa osauka. Mawuwa amandiwawa, koma sindingawataye osawayang'ana, chifukwa muli kanthu. Wa ndalama amapita ku chipatala cholipira n'kuonana ndi katswiri tsiku lomwelo, wa ku Chibolya amayamba ndi benchi. Kusiyana kumeneko kulipo ndipo n'kosalungama. Koma kuchotsa clinical officer sikungabweretse katswiri ku Chibolya. Chimene chingachepetse kusalungamako ndi chakuti wosaukayo akafunika katswiri, njira yomufikitsa kumeneko ikhale yotseguka ndi yachangu, osati kalata imene ikamugoneke pa mzere wina miyezi itatu.

Vuto lina ndi latsopano, ndipo makolo athu sakadalikhulupirira. Kale tinkasowa ophunzira, lero tikusowa malo a ntchito. Makoleji ophunzitsa clinical medicine achuluka, ambiri ndi a anthu wamba, ndipo mabanja akugulitsa ng'ombe kuti mwana akaphunzire. Mu 2022 boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, chinthu chachikulu ndithu, koma ofunsira anali ochuluka kutalitali kuposa malowo. Madokotala nawonso akukhala pakhomo, ndipo bungwe la Resident Doctors Association of Zambia lakhala likudandaula za madokotala achinyamata ogwira ntchito m'zipatala za boma mongodzipereka, osalandira kanthu. Ndiye tili ndi kachipatala kakumudzi ka clinical officer mmodzi wosagona tulo, ndi achinyamata a mapepala awo ali m'tauni kugulitsa ma talk time. Chosowa si anthu, ndi ndalama zowalipira.

Kuchuluka kwa makoleji kuli ndi ngozi inanso. Ntchito imeneyi siphunziridwa m'kalasi mokha, imaphunziridwa pambali pa bedi, dzanja lili pamimba ya wodwala, wamkulu akukuuza kuti sinikiza apa, wamva? Ophunzira akachuluka pa wodi imodzi, ena amamaliza asanagwire odwala okwanira. Health Professions Council of Zambia inaimitsapo maphunziro ena m'masukulu amene sanakwaniritse zofunika, ndipo pali mayeso amene omaliza maphunziro amalemba asanapatsidwe chiphaso. Ndikuona kuti pamenepa bungweli lisamachite manyazi, ngakhale eni masukulu ndi makolo adandaule, popeza chiphaso chimenecho ndicho chokha chimene ambuya anga angadalire, iwo sangathe kuyesa nzeru za wowapima.

Madokotala ena amaopa kuti boma lingazolowere kulemba ma clinical officer chifukwa ndi otsika mtengo, n'kuiwala madokotala. Mantha amenewo ndi omveka ndipo ndi omwewo a anzawo a ku England. Ma clinical officer nawo ali ndi chodandaula chawo: munthu amagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu, amaphunzitsa ngakhale dokotala wachinyamata wongofika kumene mmene amaikira diripi pa khanda, koma makwerero ake a ntchito ndi aafupi, ndipo ambiri aluso amathera ku mabungwe kapena kukayambiranso sukulu ya udokotala. Mbali ziwirizi zikamakokana, wogwa ndi wodwala. Ine ndimaona kuti clinical officer wabwino amafuna dokotala pafupi, ndipo dokotala wanzeru amadziwa kuti popanda clinical officer mzere wonse uja ukadakhala pakhomo pake.

Nanga ife odwala? Tili ndi ufulu wofunsa, mwaulemu, kuti "Kodi inu ndinu dokotala kapena clinical officer?" Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso limeneli. Tingafunsenso kuti matenda athu akuwaganizira kuti ndi chiyani, ndi zizindikiro ziti zimene zikaoneka tibwerere msanga, ndipo ngati tabwera kachiwiri kapena kachitatu osapeza bwino, tinene momveka kuti ulendo uno ndi wachitatu, kodi sangationeko wina? Safunsa anadya phula. Ndikadakonda kuti ogwira ntchitowo azidzitchula okha wodwala asanafunse, pakuti anthu athu, makamaka achikulire, amaopa khoti loyera ndipo sangayambe ndi iwo.

Mwezi utatha tinabwereranso ndi ambuya. Tinapeza mnyamata yemwe uja. BP inali isanatsike ngakhale ankamwa mankhwala mokhulupirika, mapazi anali atayamba kutupa, ndipo pepala la ku labu linaonetsa kuti mumkodzo muli zimene siziyenera kukhalamo. Analiyang'ana nthawi yaitali, anawapimanso BP mkono winawo, kenako anakoka pepala lina n'kuyamba kulemba.

"Ambuya, apa pafunika dokotala aone impso zanu. Ine ndine clinical officer, ndafika pamene ndingafike. Ndikulemberani kalata mupite nayo ku chipatala chachikulu."

"Mwatopa nane, mwanangu?"

"Iyayi, ambuya. Akakakuonani kumeneko mudzabwere mudzandiuze zimene anena. Mankhwala muzidzatengera konkuno."

Ambuya anaipinda kalatayo kanayi n'kuimanga pa mfundo ya chitenje, pamene amasungira ndalama. Mu minibasi anandifunsa kuti nditchulenso dzina la ntchito ya mnyamata uja, ndipo analibwereza kawiri pang'onopang'ono kuti akawauze anzawo a ku tchalitchi. Lolemba lotsatira tinadzuka 4 koloko m'mawa kuti tikapeze malo kutsogolo kwa mzere.